Ndinauza Mwana Wanga Kuti Azinditchula Sisi

Amayi anzanga, musandiombere m'manja. Sungani kaye manja anuwo, mumve zimene ndabwera nazo, kenako muone nokha ngati n'zoombera. Amayi a tcheya andipatsa mphindi khumi, koma mukundidziwa pakamwa panga. Ndikapitirira mundikoke chitenje.

Ambiri muno mumandidziwa kuti Diana wa ku Waterkloof. Dzina langa lenileni ndi Ndaziona, kwathu ndi ku Dedza. La Diana anandipatsa ndi madamu amene ndimawagwirira ntchito, tsiku loyamba lomwelo, chifukwa lilime lawo linkakana kupindika. Ine sindinavute. Ndani angakane kusiya kukhala Ndaziona n'kukhala Diana? Dzinalo silinalakwe kanthu, madamunso sanalakwe. Wolakwa ndine, ndipo ndaima pano kuti ndinene ndekha anthu ena asanandinenere.

Ndinabereka ndili ndi zaka sikisitini, mwana wamkazi, Tadala. Bambo ake anathawa mimba isanaoneke n'komwe. Tsiku limene ndinkakwera basi ya ku Joni, Tadala anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo atangoguluka. Ndinamusiya m'manja mwa mayi anga ndikulumbira kuti zaka ziwiri zokha ndibwerako. Nyimbo imeneyo mukuidziwa nonse, tinaimbapo.

Joni inandiyanja. Ntchito yogonera konko, chipinda changachanga kuseri kwa galaja, madzi otentha apampopi. Ming'alu ya kumapazi inatsekeka. Mnzanga wina anandionetsa kilimu wa m'kabotolo kopanda dzina, wogulitsidwa mobisa kumsika wa ku Marabastad, ndipo miyezi itatu isanathe ndinayera mbee. Tsitsi ndinasoketsa la eni ake. Chichewa ndinkachiyankhula ngati chikundiwotcha m'kamwa. Pagalasi ndinkaona mtsikana, ndipo ndinayamba kumukhulupirira mtsikanayo. Zaka zisanu ndi zitatu ndinangozichotsa pa msinkhu wanga, palibe anandifunsa komwe ndazisiya.

Kenako kunabwera Tshepo, wa konkuno, dalaivala wa galimoto yobweretsa katundu kwa madamu. Munthu wabwino, musamunene. Anali atanenapo mocheza kuti iye zolera mwana wa mwamuna mnzake sangakwanitse. Tsiku lina tikudya tchipisi anandifunsa, “Diana, uli ndi mwana kwanu?” Ine ndinati, “Ayi.” Kamawu kamodzi basi. Ndinapitiriza kudya, ndipo tchipisicho chinatsika bwinobwino. Tinapeza chipinda kuno ku Pretoria West, ine ndikumabwera Loweruka ndi Lamlungu.

Mayi anga atamwalira kumaliro sindinapite, ndinanamizira mapepala. Tadala anatsala yekha, ali ndi zaka naintini, ndipo panalibe njira ina koma kumuitanitsa. Ndinakamuchingamira pa siteshoni ya mabasi ya Bosman ndili ndekha. Anandidutsa kawiri osandizindikira, chifukwa pa foni ndinkazimitsa kamera n'kumanamizira netiweki. Ine ndinamudziwira kuyenda, ankaponda ngati agogo ake. Nditamuitana anaponya chikwama, n'kugwada pasimenti pomwepo, pamaso pa anthu onse aja, akulira.

“Amayi! Amayi, ndinu?”

Mukudziwa chimene ndinanena? Patatha zaka khumi ndi zitatu, mawu anga oyamba kwa mwana wanga anali akuti, “Dzuka, kuno sitigwada.”

Mu tekisi ndinamunong'oneza. “Tamvera bwino. Kuno ine ndine Sisi Diana. Iwe ndiwe mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono. Wamva?”

“Chifukwa chiyani, amayi?”

“Ndi za mapepala, sungazimvetse.”

Anayang'ana pawindo. Kenako anati, “Chabwino, sisi.”

Masabata oyamba ankaphonya. Ankati akayamba kuti “Ama...” ine n'kumuponyera diso, iye n'kumeza. Mwezi utatha anasiya kuphonya. Ndipo ine ndinakondwa, ndinati mwanayu ndi wanzeru, waphunzira msanga.

Loweruka lina tinapita atatu, ine, Tshepo ndi Tadala, kukagula usipa kwa bambo wina wa ku Mangochi amene ankagulitsira pakona apa. Tikusankha usipa ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

“Amake Tadala! Eee, ndinu kodi? Mwayera chonchi mwadwala?”

Anali Anambewe, awo akhala kumapeto awo, a m'mudzi mwathu. Ndi amene anandiperekeza kuchipatala tsiku lobereka Tadala, ndi amene anamusambitsa koyamba. Kwathu mkazi akabereka dzina lake limagona, amamuitanira mwana. Anambewe sanalakwe, anandiitana dzina langa loona. Tsono Tshepo anali atatolako Chichewa pang'ono. Anatembenuka n'kufunsa kuti, “Amake Tadala? Si ndiye kuti mama wa Tadala zimenezo?”

Amene anayankha ndi Tadala, m'Chingerezi chake cha kusukulu, mawu osanjenjemera. Anati, “Asokoneza awa, amafanana. Mayi anga anamwalira kalekale, ndili ndi zaka sikisi.”

Tshepo anagwira pamtima. “Eish, shemu, mwana wamasiye.” Analowa m'shopu kukamugulira chakumwa chozizira. Anambewe anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, n'kunena kuti, “Pepani mayi, ndi ukalamba, maso atha.” Anapita osagula usipa.

Amayi anzanga, apa ndiye pamene ndikufuna mumve, chifukwa ndi pamene pamandilasa mpaka lero. Mwana wanga anandiika m'manda ndili chiimire, ndipo chimene ndinamva mumtima si chisoni ayi. Ndinapumira m'mwamba. Ndinati zikomo Mulungu, ndapulumuka.

Sabata yomweyo Anambewe anamupezera Tadala ntchito ya m'nyumba ku Montana, ndipo anasamuka. Sanandikalipire. Anasesa chipinda, anatsuka mbale, anati, “Tsalani bwino, sisi.” Kuyambira pamenepo ndinayamba kumwa. Poyamba botolo limodzi Loweruka, kenako lina lobisa kuseri kwa sopo m'chipinda chochapira kwa madamu. Kilimu uja anayamba kundibwezera, masaya anapsa, panatuluka zigamba zakuda, ine n'kumaphimba ndi paudala wochuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zaka ziwiri zinadutsa choncho, ndikumadziuza kuti nthawi yabwino ikafika ndidzakonza zonse.

Tadala anapeza mnyamata wa ku Balaka, Limbani, wowotcherera zitsulo kumagalaja kuno. Kwa apongozi ake Tadala anadziwika kuti ndi mwana wamasiye. Uthenga wa chinkhoswe unandipeza pa foni: “Sisi, mubwere ndi alamu, mudzathandize kuphika mpunga.” Chinkhoswecho chinachitikira muholo ino yomwe, ndipo ena mwa inu munalipo, munavina. Ine ndinakhala apo, mzere wachitatu, Tshepo ali pambali panga.

Mwambo uli m'kati, woyendetsa mwambo anakweza mawu. “Mayi ake a mtsikana, kapena amene akuimira mayi ake, aimirire tiwaone!”

Zinali zitakonzedwa kale kuti aimirira ndi Anambewe. Koma Anambewe sanadzuke. Anatembenuka pampando n'kundiyang'ana. Ankandipatsa mpata. Nyimbo anaizimitsa. Tadala anali kutsogolo, atavala chitenje chofanana ndi malaya a Limbani, maso ali pansi monga amachitira mtsikana pa chinkhoswe, koma ndinaona zala zake zikupotokola mpango. Woyendetsa mwambo anabwereza, “Amayi ali kuti kodi?”

Miyendo yanga inayamba yokha. Ndinanyamuka pang'ono, mpando n'kulira. Tadala anadzutsa maso. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, anandiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira pa Bosman. Ndiye Tshepo anandigwira mkono n'kufunsa, “Ukupita kuti?”

Ndinati, “Mpunga ungapserere.”

Ndinatuluka pakhomo lakumbuyo ilo. Ndisanafike pamapoto ndinamva nthungululu, Anambewe aimirira. Mpunga unali utaphulidwa kalekale, moto utazima. Ndinaima pamenepo ndikutakasa mpunga wozizira mpaka mwambo unatha.

Lolemba m'mawa ndinali m'khitchini mwa madamu. Iwo amadya mazira awiri owiritsa n'kumwera madzi oikamo ayezi, tsiku lililonse. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade seveni, za nzeru zakuya sindizidziwa, koma m'mawa umenewo ndinaima ndikuyang'ana zinthu ziwirizo. Ayezi anali atayamba kusungunuka m'kapu. Madzi ukawaika mu filiji amauma gwa, ukawatulutsa amabwerera kukhala madzi, osataya kanthu. Dzira nalo linalowa m'poto lili lamadzimadzi n'kutuluka lolimba. Koma dzira limenelo uliike padzuwa, uliike mu filiji, ulipempherere, silibwerera. Zonse ziwiri zasintha, koma kusintha kwake si kumodzi. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti zimene ndikumuchita Tadala ndi za ayezi, kuti tsiku lina ndidzangozitulutsa panja zisungunuke tibwerere mwakale. Dzira lili m'manja, likundiwotcha, ndinadziwa kuti mwana uja ndakhala ndikumuwiritsa.

Ndinakhala pansi pamatailosi n'kuyamba kulira mokuwa, ngati pamaliro akumudzi. Madamu anathamanga. “Diana, chavuta n'chiyani?” Ndinati, “Madamu, ndili ndi mwana.” Iwo anaomba m'manja, nkhope yonse kuwala. “Zabwino zimenezo! Ubereka mwezi wanji?” Ndinati, “Ali ndi zaka twente-wanu.” Sekani, inenso ndimaseka ndikakumbuka. Koma ameneyo ndiye anali munthu woyamba kuno ku Joni kumva zoona kuchokera pakamwa panga.

Tsono kubwerera kwake, kwa amene mukufuna kudziwa kuti munthu amayambira pati. Ine ndinayambira pamene ndinkaopa kwambiri. Loweruka masana ndinamukhazika Tshepo pansi, ndisanamwe kanthu, n'kumuuza zonse, za zaka zanga zomwe. Kenako anati, “Tsiku lija ndinamupepesa mwana uja maliro ako, iwe uli pomwepo ukusankha nsomba?” Analongedza zovala zake. Pakhomo anandiuza kuti za mwanayo mwina akanazolowera, koma mkazi amene angaime duu mwana wake akumutchula wakufa, iye akumuopa. Sindinamutsutse. Sanabwerenso, ndipo ndimamusowa.

Mabotolo a kilimu ndinataya. Khungu linabwerera lokha pang'onopang'ono, lakuda kuposa kale, ndipo zigamba mukuzionazi anamwino a kukiliniki anati zina sizidzachoka. Mowa unandivuta kuposa kilimu. Ndinagwa kawiri. Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinasiya kukhala ndekha Loweruka, ndinkapita kwa Anambewe kukathandiza kuchapa, ndipo iwo ankandinunkhiza m'kamwa pakhomo ngati mwana wasukulu. Tsiku loyamba ndinawagwadira. Anati, “Ine musandigwadire, sindine amene munamulakwira. Valani chitenje, tipite kwa ankhoswe.”

Kwa ankhoswe a Limbani kunali kovuta. Tangoganizani munthu wakufa akugogoda pakhomo. Malume ake a Limbani anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa Anambewe kuti, “Nanga pepani tinapereka uja tikamutenge kuti?” Palibe anaseka. Koma anandilandira, anati nkhani yatsala ndi ya ine ndi mwana wanga.

Kwa Tadala ndinapita ukwati wawo utachitika kale, nditakonzeka bwino, mawu nditawaloweza. Nthawi imeneyo n'kuti nditayamba kupemphera nanu muno, ndipo mawu amene timakonda kunena aja anali okoma m'kamwa mwanga. Ndinamupeza akuyanika zovala kuseri kwa chipinda chawo. Ndinati, “Mwana wanga, Diana uja anafa. Amene waima pano ndi munthu watsopano. Zakale zija zinapita.”

Anamaliza kufinya malaya, n'kuwayanika, n'kuwapana. Kenako anati, “Mwafanso? Kachiwiri?”

Ndisanayankhe, iye anapitiriza.

Anati, “Ngati amene anandikana uja anafa, inu mwabwera kudzapepesa za ndani? Nanga ine ndikhululukire ndani? Ine munthu watsopano sindikumudziwa, sanandilakwire kanthu. Ndikufuna yemwe uja. Amene anandiuza kuti dzuka kuno sitigwada, amene anapita kukaona mpunga. Ameneyo ndiye abwere.”

Amayi a tcheya mundikhululukire, sindikutsutsa zimene timaphunzitsana muno. Mulungu amasinthadi munthu, ine ndine mboni. Koma mawu abwino aja ine ndinawasandutsa kilimu wina, wodzola pamlandu kuti uyere. Ndinabwerera mu tekisi ndikudzifunsa kuti kodi ine ndine ndani. Dzina linasintha n'kusinthanso. Khungu linayera n'kudanso. Mtsikana amene anakwera basi ku Dedza, ndikakumana naye lero pamsewu mwina sitingapatsane moni. Komabe amene anabereka, amene anati “ayi” akudya tchipisi, ndi amene akulira pano, ndi munthu mmodzi. Akanakhala atatu, bwenzi mlanduwu ulibe mwini, ndipo mwana wanga akanasowa womupepesa. Chimene chimandigwirizanitsa ndi mtsikana uja si nkhope ayi. Ndi zimene ndinachita, ndi mwana amene ndinazichitira.

Lamlungu lotsatira ndinapitanso, wopanda mawu oloweza. Ndinagwada pafumbi pakhomo pake, anthu a m'zipinda zina akuonerera. Ndinati, “Ndine yemwe uja. Ndinakukana ndine, pa Bosman, pa usipa, pa chinkhoswe. Za mapepala linali bodza, ndinkaopa kutaya mwamuna. Ndinasankha iye, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita.” Tadala analira, inenso ndinalira, koma sanandikumbatire. Analowa m'nyumba n'kutulutsa mpando.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kunditchula sisi. Koma Amayi sananenenso. Ndinasanduka “inu”. “Inu, tiyi uyu.” “Inu, tekisi ikuthawani.” Ndinkapita Lamlungu lililonse tikaweruka muno, chaka chathunthu, ndikumangokhala inu. Tsiku lina ndinadandaula kwa Anambewe, iwo anati, “Munamuphunzitsa mwezi umodzi kuti aleke. Mukufuna akumbukire pa masiku angati?”

Ndikudziwa kuti muno sindili ndekha. Alipo wina amene chithunzi cha mwana wake chili pansi pa sutikesi, amene foni yakumudzi ikalira amathawira kubafa. Sindikukuyang'anani, maso anga ali kudenga. Ndikungoti musadikire nthawi yabwino, kulibe. Ine ndinaidikira mpaka mwana wanga anakwatiwa ngati wamasiye. Mwamunayo muuzeni masana, muli bwinobwino, ndipo konzekani kuti mwina apita. Pezani mayi mmodzi wamkulu wosakunyengererani. Ndipo mukamakapepesa musatume munthu watsopano, mupite nokha.

Mwezi wathawu Tadala anachira, mwana wamkazi. Anandiimbira ndi Anambewe, osati iye. Ndinapempha madamu tsiku limodzi, ndinakwera matekisi awiri, ndinafika ali m'chikuta, mchombo usanagwe. Ndinaodira pakhomo n'kuima pomwepo, chifukwa sindinkadziwa ngati munthu wotchedwa inu amaloledwa kulowa m'chikuta. Tadala anali pamatiresi, wotopa, tsitsi lili nyankhalala. Sanandiyang'ane. Anayang'ana khandalo n'kuliuza kuti, “Pita kwa agogo ako, ine ndikasambe.”

Ndinacheuka kufuna Anambewe. Anali atapita kumsika. M'chipindamo munalibe wina aliyense.

Mawu akuti Amayi sindinawamvebe, ndipo ndasiya kuwapempha, ndinawataya ndekha. Ndachoka pa sisi n'kufika pa agogo, pakatipo pali dzenje, ndipo ndimalimva tsiku lililonse. Mundipempherere. Koma Loweruka likubwerali Tadala wandiuza kuti ndilawirire, matewera achuluka.